Za ndawala ya pa 2 Epulo: tisanaode nsalu, tiyeni timvane

Adimini: Mwaswera bwanji nonse a pagulu. Komiti yathu ya makolo inakumana Lamulungu masana, ndipo maganizo amene anatuluka ndi awa. Pa 2 Epulo, tsiku limene dziko lonse limakumbukira za autism (kakulidwe kosiyana ka ubongo komwe kamakhudza mmene munthu amayankhulira, amachezera ndi anzake ndi mmene amamvera zinthu monga phokoso), tiyende ndawala kuchokera pa Chitakale kukafika pa boma. Tisoketse malaya a buluu, tibwereke chimkuzamawu, tiitane a tchopa atsogolere, kenako zoyankhulayankhula. Kwa amene mwalowa kumene, tsikuli analikhazikitsa ndi a United Nations mu Disembala 2007 ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2008. M'thumba muli ndalama yochepa, ya zopereka zathu zomwe zija. Ndati tisanaode nsalu ndimve kaye kwa eni ake.

Bambo wa ku Chonde: Ine ndavomera ndi manja awiri. Mundilembe.

Mayi wa ku Limbuli: Adimini, pepani ndiyankhula mosapsatira. Malaya a buluu ndili nawo kale, anatipatsa alendo ena amene anabwera ndi galimoto zaka zapitazo. Ndimapitira kumunda. Mnyamata wanga ali ndi zaka 9 ndipo sanakhalepo m'kalasi teremu yathunthu. Ulendo womaliza ahedi anandiuza pamaso pa ana anzake kuti "mayi, kuno si kwa otere, mupite naye kwa akatswiri." Akatswiriwo ali kuti, sanandiuze. Ine ndimathyola tiyi, malipiro ndi a pa kilo. Ndijombe tsiku, ndilipire basi kuchoka ku Limbuli, ndiyende padzuwa ndikuimba, madzulo ndibwerere. M'mawa mwake mwana wanga adzakhala kuti? Pakhonde pomwe paja.

Bambo wa ku Chonde: Achemwali, ululu wanu ndikuumva, koma musanyoze zodziwitsa anthu. Ine mwana wanga atasiya kuyankhula ali ndi zaka ziwiri ndinali nditangotsegula kagolosale. Mudzi wonse unagwirizana kuti ndamukhwimira. Achibale a mayi ake anafika pofuna kutilekanitsa ukwati, anthu anasiya kugula ngakhale machesi, ati ndalama zawo zikathera kwa ine. Chimene chinandipulumutsa si mankhwala ayi. Anabwera wazaumoyo pamsonkhano wa amfumu, nafotokoza kuti ana otere aliko ku Ulaya, ku India, kulikonse, kwa olemera ndi kwa osauka omwe. Amfumu anawonjezera kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 lija. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kugona tulo. Mwana sangalowe m'kalasi anthu akadali kumuona ngati chizimba cha bambo ake.

Mayi wa ku Limbuli: Ndiye mwanena nokha achimwene. Anakupulumutsani ndi msonkhano wa amfumu, m'mudzi mwanu, pamaso pa omwe ankakunenani. Osati ndawala ya pa boma. Pa boma amationerera ndi akabaza ndi ogulitsa nanazi.

Bambo wa ku Chonde: Akabazawo si anthu? Amagona m'midzi momwemo.

Wa ku Joni: Moni kumudzi. Kuno ku Johannesburg kuli masukulu a ana a autism okhaokha, kalasi ya ana ochepa, aphunzitsi ophunzira bwino. Bwanji m'malo molimbana ndi mahedi tisamenyere kuti boma limange imodzi ku Mulanje kapena ku Thyolo? Zowasakaniza ndi anzawozi n'zongozunza mwana.

Aphunzitsi a Sitandade 2: Ndiyankhepo monga munthu wogwira choko. Choyamba, zimene ahedi aja ananena n'zosemphana ndi lamulo. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa kukaniza mwana malo pasukulu chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2024 kunabwera lina latsopano, lomwe linasintha bungwe la boma loona za aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Unduna unalinso ndi ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021. Papepala zonse zilipo.

Tsono bwerani mudzaone kalasi yanga. Ana amapitirira 100, okhala pansi, denga la malata. Mvula ya kuno mukuidziwa, ikayamba kugunda malata ngakhale ine sindidzimva. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 makalasi a m'munsi sanapepukepo. Kaphunzitsidwe kathu n'koimba ndi kubwereza mokweza onse pamodzi, a e i o u. Kwa mwana amene phokoso limamupweteka m'makutu, ola limodzi mmenemo ndi chilango. Ndinali naye wina chaka chatha, akatseka makutu n'kuyamba kudzimenyetsa kukhoma, anzake n'kumaseka. Ku koleji za ana otere tinangozidutsa pamwamba. Aphunzitsi apadera amaphunzira ku Montfort, ku Nguludi, koma ndi ochepa, ndipo amene tili naye ife amazungulira masukulu a zoni yonse pa njinga. Amayembekezeka kuthandiza osaona, osamva, ovutika kuwerenga, onsewo yekha.

Sindikuikira kumbuyo ahedi okaniza ana. Ndikungoti mawu akuti "onse aphunzire limodzi" amakoma pa chimkuzamawu, koma wotsala nawo m'kalasi ndine.

Mayi wa ku Limbuli: Ndiye mwana uja munatani naye, madamu?

Aphunzitsi a Sitandade 2: Tinayesa zing'onozing'ono. Ndinamukhazika pafupi ndi khomo, malo omwewo tsiku lililonse, kuti zikamukulira atuluke akakhale pansi pa mtengo osapempha. Ndinadula makatoni n'kujambulapo kapu, chimbudzi, phala, buku, kuti aziloza chimene akufuna. Belu lisanalire ndinkamuuziratu. Tinagwirizana ndi amayi ake kuti aziweruka pa buleki, osadikira mpaka kumapeto. Mtsikana wina wa pafupi ndi kwawo ankabwera naye n'kubwerera naye. Kuwerenga sanafike patali, koma kudzimenyetsa kunachepa kwambiri, ndipo manambala amawalemba bwino kuposa ambiri. Zimenezi sizinafune ndalama. Zinafuna kuti ahedi avomere ndi kuti mayi ake tizionana kawirikawiri.

Za sukulu yapadera, achimwene a ku Joni, ikamangidwa pa boma wa ku Muloza kapena wa ku Thekerani adzafikako bwanji m'mawa uliwonse? Ndiye kuti yogonera komweko. Mwana wosayankhula, amene sangakuuzeni wina akamuchita chipongwe usiku, mungamusiye kwa alendo miyezi itatu?

Wa ku Joni: Apo pokha mwandigwira.

Mayi wa ku Nkando: Ine ndinalowa pagulu pano chifukwa cha mwana wa mchemwali wanga, koma ndiloleni ndinene zimene makolo ena amanena kuseri. Mtsikana wanga analumidwa pamkono m'kalasi ndi mwana wotere, mano kulowa ndithu. Nditakadandaula anandiuza kuti ndimvetse. Ndimvetse chiyani? Wanganso ndi mwana. Pano amakana kupita kusukulu. Mukamayenda ndawala muzikumbukira kuti ufulu uli mbali zonse.

Bambo wa ku Chonde: Ana "abwinobwino" salumana? Salasana miyala? Koma akaluma wathu ndiye nkhani ya mudzi wonse.

Mayi wa ku Nkando: Abambo, musandiyankhe ngati mdani. Ndikadakhala mdani sindikadakhala muno.

Adimini: Tiyeni tizizire pang'ono. Amayi a ku Nkando afunsa zomveka ndipo akuyenera yankho, osati kuwakalipira.

Aphunzitsi a Sitandade 2: Pepani ndithu amayi, "mumvetse" si yankho. Sukulu inayenera kufufuza chimene chinachitika asanalume. Nthawi zambiri pamakhala chiyambi: wina wamulanda chinthu chimene amagwira tsiku lonse, amukankha pamzere wa phala, kapena akhala akumuputa kuti aone mmene amachitira. Sindikunena kuti wanu anamuputa ayi. Koma mukapeza chiyambicho mumateteza ana onse awiri. Kungomuchotsa sukulu kapena kungouza wolumidwa kuti apirire, zonsezo ndi ulesi wathu akuluakulu.

Wa ku Joni: Funso lina, musandiseke. Kuno ambiri amanena kuti ndi katemera. Ndipo kunena zoona kale kumudzi ana otere sitinkawaona chonchi. Mwana wa mlongo wanga anali bwinobwino, atangobaya wa chikuku uja mawu onse anathawa.

Mlangizi wa zaumoyo, Luchenza: Palibe wokusekani, funsoli timalilandira ku sikelo nthawi zonse. Nkhaniyi inayambira ku Britain mu 1998, pamene dokotala wina, Andrew Wakefield, analemba mu magazini ya The Lancet zoloza katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, kuti akukhudzana ndi autism. Anaona ana 12 okha. Pambuyo pake zinadziwika kuti munali chinyengo, magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010 ndipo iye analandidwa chilolezo chaudokotala chaka chomwecho. Akatswiri atsatira ana miyandamiyanda m'mayiko osiyanasiyana ndipo sanapeze kugwirizana kulikonse. Chimene chimasokoneza ndi nthawi. Katemera wachiwiri wa chikuku kuno timabaya pa miyezi 15, ndipo zizindikiro za autism zimayamba kuonekera bwino pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri. Ena amayamba ayankhula timawu kenako n'kusiya, obayitsa ndi osabayitsa omwe. Chikuku ndiye chimapha, chimachititsanso khungu. Chonde musasiye katemera.

Zoti kale kunalibe, analipo achimwene. Tinkangowatcha mayina ena oipa aja n'kuwabisa kuseri kwa nyumba. Ngakhale kwa azungu, madokotala anayamba kuzilemba bwino mu 1943, ndi Leo Kanner ku America. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ankanena mu 2023 kuti ndi pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse. Mbali yaikulu ndi ya chibadwa, zoyenda m'magazi. Si kuti mayi anadya chiyani ali woyembekezera, si kuti bambo anayenda njira pamene mwana anali wakhanda.

Ndiwonjezere chimodzi, poti pagulu pano mwana aliyense wosayankhula tayamba kumutcha wa autism. Wina ndi wosamva, makutu anatuluka mafinya osathandizidwa. Wina anadwala malungo aakulu a m'bongo kapena matenda oumitsa khosi. Wina anabanika pobadwa. Thandizo lake limasiyana. Yambani kuyezetsa makutu. Muonenso ngati akutembenuka mukamuitana dzina, ngati amaloza chinthu kuti inunso muchione, ngati amasewera zongoyerekeza monga kuphika masanje. Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa autism, adokotala amaona khalidwe ndi kufunsa mbiri, n'chifukwa chake ambiri amatumizidwa ku Queens ku Blantyre. Mankhwala ochiza palibe. Koma ngati mwanayo amagwanso khunyu, chifukwa kawirikawiri zimayendera limodzi, a khunyuwo alipo ndipo amathandiza.

Mkulu wa mpingo, Likhubula: Mankhwala palibe kwa anthu, kwa Mulungu zonse n'zotheka. Tisachotse pemphero pa pulogalamu.

Mtsikana wa ku Bvumbwe: Ndakhala ndikuwerenga kuyambira masana. Ndimachedwa kulemba chifukwa ndimafuna mawu akhale olondola. Ine si kholo. Ndine mmodzi wa amene mukuwakamba. Ndili ndi zaka 24, ndinadziwa kuti ndili ndi autism nditamaliza kale Fomu 4. Ndimasoka zovala.

Ndili ndi zinthu zingapo.

Chimkuzamawu ndi ng'oma. Mukukonza tsiku lathu ndi zinthu zimene zimatithamangitsa. Ine sindingayende kumbuyo kwa galimoto ya masipika. Ana anu ambiri sangathenso. Adzalira, adzadzigwetsa pamsewu, anthu adzaonerera, ndipo chimene adzaphunzire tsiku limenelo n'chakuti ana a autism ndi amisala. Kapena mudzawasiya kunyumba, ndiye likhala tsiku la makolo.

Buluu. Si wa United Nations. Unatchuka ndi bungwe la ku America la Autism Speaks, limene linayambitsa zoyatsa magetsi a buluu mu 2010. Anthu ambiri a autism kunjako sagwirizana nalo bungwelo, chifukwa kwa zaka zambiri linkatikamba ngati tsoka logwera banja ndipo linkaika mtima pa kufufuza machiritso, eni akefe osatifunsa. Kachizindikiro ka chidutswa cha pazo kamene mwaika pa chithunzi cha gulu kanayamba ku Britain mu 1963, ndipo koyambirirako kanali ndi mwana akulira mkati. Ambiri a ife timasankha chizindikiro chonga 8 wogona. Sindikuti wovala buluu ndi woipa. Ku Chitakale palibe amene akudziwa zimenezi. Ndangofuna kuti inu mudziwe musanagule.

Zithunzi. Chonde lekani kuika pa Facebook mavidiyo a ana anu akukuwa kapena atadziyipitsira, ngakhale cholinga chili chopempha thandizo. Mwanayo adzakula. Ngakhale sayankhula, amamva.

Abambo a mpingo, ine ndimapemphera ndipo ndimaimba kwaya. Koma ndili ndi zaka 11 anandigwira anthu anayi, wina akundikuwira m'khutu kuti chiwanda chituluke. Chimene chinatuluka ndi mkodzo, chifukwa cha mantha. Pempherani, koma osamugwira mwamphamvu, osamukuwira.

Pomaliza, ine ndimayankhula ndi kulemba. Mwana wa amayi a ku Limbuli mwina sadzalemba chonchi. Sindingamuyankhulire zonse. Amayi ake amadziwa zambiri zimene ine sindidziwa. Koma za phokoso ndikhulupirireni.

Mayi wa ku Limbuli: Mwanawe, wandiliza. Moti akamatseka makutu kuchigayo ine ndimati ndi matama.

Mkulu wa mpingo, Likhubula: Zogwira ana mwamphamvuzo kwathu sitichita, ndipo sindizivomereza. Koma pemphero lotsegulira likhalepo basi. Ndikadzutsanso nkhani ku bwalo la akulu a mpingo, chifukwa ku Sande sukulu nakonso ana otere amabwezedwa ati akusokoneza.

Bambo wa ku Chonde: Achemwali a ku Bvumbwe, ulemu wanu. Koma mikangano ya ku America ya buluu ndi 8 wogonayo ndi ya anthu okhuta. Kuno tikulimbana ndi oti mwana ndi ndondocha. Mtundu uliwonse umene ungachititse munthu kufunsa kuti "kodi kuli chiyani?" kwa ine ndi wabwino.

Mtsikana wa ku Bvumbwe: Za mtundu sindilimbikira. Za masipika ndi zithunzi ndikulimbikira.

Mdzukulu wa anganga, Muloza: Anganga atumiza mawu, foni ndi yanga ndiye ndikulemba mmene anenera. Akuti: "Ana inu mukukamba za sukulu, ine yanga ndi ya mtsinje. Mdzukulu wangayu mayi ake ali ku Mozambique, ndimakhala naye ndine. Akangoona mpata amathamangira kumadzi, saopa ngakhale mtsinje utadzaza. Nthawi ya Freddy tili kumsasa ndinkagona nditamumangirira kuchitenje changa. Pano ndikamapita kumunda ndimamutsekera m'nyumba, nthawi zina ndimamumanga mwendo kumtengo wa mango ndi nsalu, ndimamusiyira madzi ndi mbatata. Anthu akuti ndine wankhanza. Abwere amugwire tsiku limodzi, ine ndikapalire."

Wa ku Joni: Ayi, kumanga mwana ngati mbuzi ndi nkhanza, zilibe kukambirana. Apolisi atamva ndi mlandu umenewo.

Mayi wa ku Limbuli: Muli kutali achimwene, n'chifukwa chake mukuyankha msanga. Inenso ndinatsekerapo. Ukasankha pakati pa loko ndi maliro umasankha loko. Sindikunyadira, koma musawaopseze anganga ndi apolisi, mawa sadzatiuzanso kanthu.

Mlangizi wa zaumoyo, Luchenza: Mantha a anganga ndi oona. Ana ambiri a autism amakonda kuchoka osatsanzika ndipo madzi amawakoka, kumira ndi imodzi mwa ngozi zimene zimawapha kwambiri. Kuno mitsinje ili paliponse, Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, osawerenga zitsime zosavundikira. Komanso kumanga n'koopsa: nsalu ikhoza kumukola pakhosi, moto ukhoza kubuka iye ali mkati, ndipo anthu oipa amadziwa kuti pakhomo pali mwana yekha wosatha kunena. Anganga asaweruzidwe, athandizidwe. Pafupi pali sukulu ya mmera mpoyamba? Ngakhale wapitirira msinkhu, alezi ena amalola akapemphedwa bwino kudzera kwa amfumu. Mabanja awiri atatu akhoza kumasinthana masiku. Ndipo anthu a m'mphepete mwa mtsinje, ochapa, oumba njerwa, owolotsa anthu, audziwe mwanayo kuti akamuona yekha amubweze. Mdzukulu, nditumizireni uthenga kumbali ndikulumikizeni ndi mnzanga wa dera lanulo komanso a ofesi ya zachisamaliro cha anthu.

Bambo wa ku Chonde: Mwaona? Kuuza ochapa ndi oumba njerwa kumeneko ndiye kudziwitsa anthu kumene ndikunena ine.

Mayi wa ku Limbuli: Eya, kumtsinje. Osati pa boma.

Adimini: Inu awiri mudzakangana mpaka Yesu adzabwere. Ndamva zonse, ndipo ndinene maganizo anga monga membala, osati monga adimini. Ndawala ndimaifunabe, chifukwa akuluakulu a maphunziro ndi a khonsolo amabwera pakakhala mwambo, ndipo ndi pamene tingawapatse kalata m'manja anthu akuona. Koma masipika achoke, a tchopa tidzawaitana tsiku lina. Zithunzi za ana popanda chilolezo ayi. Ndalama ya nsalu ndikupempha kuti igawidwe: ina ya mayendedwe a anthu awiriawiri okayankhula kumisonkhano ya amfumu ndi ya makomiti a sukulu, ina yoyendera mabanja ngati la anganga. Ndilemberanso a PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kuti atiuze mmene anzathu m'maboma ena amachitira ndi mahedi okaniza ana. Achemwali a ku Bvumbwe, mungalole kulowa mu komiti? Misonkhano yake ndi ya anthu ochepa.

Mtsikana wa ku Bvumbwe: Ndilola ngati muzinditumizira mitu ya zokambirana tsiku lisanafike. Pamwambo sindidzayankhula pagulu. Ndilemba, wina adzawerenge.

Bambo wa ku Chonde: Ndawala yopanda ng'oma ndi maliro amenewo. Koma chabwino, tivote Loweruka.

Aphunzitsi a Sitandade 2: Amayi a ku Limbuli, musadikire Epulo. Lolemba ndilibe kalasi m'mawa, ana akulemba mayeso ndi aphunzitsi ena. Ndikhoza kukuperekezani kwa ahedi aja, ndipo akakanabe tipitira limodzi kwa a PEA, oyang'anira masukulu a pulayimale a zoni. Mutenge buku la kuchipatala la mwana.

Mayi wa ku Limbuli: Ndipempha kapitawo mawa. Mwanayo ndibwere naye kapena ndimusiye?

Aphunzitsi a Sitandade 2: Mubwere naye, koma tifike ana atalowa kale m'makalasi, pabwalo pali zii.

Wa ku Joni: Ya kabaza ya Lolembayo nditumiza ine pa Airtel Money, adimini mundipatse nambala kumbali.

Mayi wa ku Nkando: Nanga zanga zija zathera pati? Mtsikana wanga mawa akuyenera kupita kusukulu ndipo akukanabe. Madamu, mukamaliza za ku Limbuli mundiuze tsiku, ndikufuna tikakhale pansi ndi aphunzitsi ake komanso mayi a mwana winayo, chifukwa ine ndi iwowo sitinalonjerane chichitikire zija.